Anadzapopera phula lamadzi pabwalo langa ku Ngabu: mmene lilili patadutsa ma Okutobala awiri

Madalaivala amene amagona kwathu akhala akundifunsa za anyamata aja anadzapopera phula pabwalo langa chaka chatha, ngati ntchito yawo ndi yoti munthu angaikepo ndalama. Ndinkazengereza kuyankha. Phula lililonse limanyezimira tsiku lomwe lathiridwa, ndiye kuliyamikira sabata yoyamba n'kunamiza anthu. Kuno kuchigwa amene amayesa phula ndi Okutobala, ndipo tsopano wadutsapo kawiri, dzinja limodzi lili pakati. Apa ndiye ndikhoza kulankhula.

Ndili ndi resitihausi ku Ngabu, pafupi ndi msewu wa M1, ndi bwalo loimikapo magalimoto la masikweya mita pafupifupi 600. Amagona pano ndi a malole a thonje, a ng'ombe okwera ku Blantyre, a simenti otsikira ku Bangula ndi ku Nsanje, ena mpaka ku Marka. Bwaloli anathiritsa phula ndi malemu amuna anga mu 2015, chaka cha madzi osefukira aja, lole ina itatitimira pageti masiku atatu. Si phula lokhuthala losakaniza kale ndi miyala ngati la m'misewu ya ku Blantyre ayi. Anathira phula lotentha, n'kumwaza miyala ya kwale yaikulupo, rola n'kupondereza, kenako phula lina ndi timiyala ting'onoting'ono pamwamba. Zaka zoyamba linkachita kununkha masana, ndipo ana a alendo akalidutsa opanda nsapato ankalira.

Pofika 2022 bwalolo linali litatuwa ngati phulusa. Namondwe wa Ana atadula msewu cha ku Chikwawa mu Januwale chaka chimenecho, malole anakhala pano masiku angapo ataima pamadzi. Freddy anadzawonjezera mu Malichi 2023. Kuyambira pamenepo mnyamata wosesa ankatola ndowa yathunthu ya timiyala m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinatola kamwala kamodzi n'kukatembenuza. Kunsi kwake kunali kachigamba ka phula kouma, ndipo nditakanda ndi chikhadabo kananyenyeka ngati khala. Ndinapita pansi pa mtengo wa nimu umene uli kukona ya kumpoto, pomwe pamakhala mthunzi pafupifupi tsiku lonse. Pamenepo phula linali likadali lakuda, chikhadabo chinkasiya chidindo, ndipo mwala sunkachoka ngakhale ndiukoke. Phula lomwelo, lothiridwa sabata imodzi, mapazi khumi okha kutalikirana.

Amene anandimasulira zimenezi ndi mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira uinjiniya wa misewu ku MUBAS, kuja tinkati ku Poly. Atabwera kutchuthi ndinamuonetsa malo awiriwo. Anagwada, n'kukanda naye, kenako anati, "Azakhali, phula lanuli lakalamba. Silinatheretu, koma lakalamba." Anandifunsa ngati ndinaonapo chiponde chokhalitsa m'botolo, mafuta atayandama pamwamba wina n'kuwatsanula, chotsalacho n'kusanduka chibuma choti supuni ikhoza kupindika. Anati phula limachokera ku zotsalira akamayenga mafuta a pansi panthaka, ndipo m'kati mwake muli tizigawo tolimba takuda, totchedwa asphaltenes, tosambira m'mafuta ofewa. Kutentha kumauluza mafuta opepukawo. Mpweya wa okosijeni, womwewu umachititsa dzimbiri pamalata, umalowa n'kusandutsa ena mwa mafuta ofewawo kukhala olimba. Kuwala kwa dzuwa kumapsereza kachikopa ka pamwamba, mvula n'kukakokolola, dzuwa n'kuyambanso pa katsopano. Phula likauma chonchi silithanso kutamuka. Masana limafutukuka, usiku limanyala, ndipo kumene kale linkangotsatira, tsopano limang'aluka. Madzi akalowa m'ming'alumo amakalekanitsa mwala ndi phula, ndiye timiyala tija ta m'ndowa.

Anandiuzanso mmene amayezera kulabotale. Amatenga singano yolemedwa ndi magalamu 100, n'kuisiya ilowe m'phula la madigiri 25 kwa masekondi asanu. Phula lolembedwa 80/100 pa diramu ndi lomwe singano imalowa mamilimita 8 mpaka 10. La 60/70 ndi lolimbirapo, imalowa 6 mpaka 7. Likakalamba mpaka singano kumangolowa mamilimita awiri, ndiye kuti chatsala ndi ming'alu basi. Ndipo kutentha ndi kumene kumafulumizitsa zonsezi. Kuno mu Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, ndipo pamwamba pa phula lakuda pamadutsa 60. Bwalo la zaka zisanu ndi zinayi la ku Ngabu ndi lokalamba kuposa lausinkhu womwewo la ku Dedza kapena ku Mzuzu. Mwana wa achimweneyo ndi amene anatchula mawu akuti fog spray, kutanthauza kupopera phula lamadzi pang'ono pamwamba pa lakale, ndi kundiuza kuti ndifunefune anthu odziwa kuchita zimenezo bwalo lisanafike poti n'kugumula lonse.

Kakampani kamene ndinapeza ndi kakang'ono, ka ku Blantyre. Ali ndi pikapu imodzi, pampu yopopera yokankha pamatayala, kamakina kogandira zigamba, anyamata asanu ndi foromani wachikulire amene anagwira ntchito zam'misewu kuyambira ali mnyamata. Ngati ndikuyamikira kampaniyi, kwenikweni ndikuyamikira bambo ameneyu.

Anabwera yekha kaye, pa minibasi, kudzaona bwalo asananene mtengo. Ena awiri amene ndinawaimbira anandipatsa mtengo pafoni, osafunsa n'komwe kuti phulalo lili ndi zaka zingati. Bamboyu anapempha laimu m'kachitini, n'kuyenda bwalo lonse pang'onopang'ono ola lathunthu, ali chogwada pena, akugogoda ndi msomali wa mainchi sikisi. Anagawa bwalo patatu. Gawo lalikulu, lotuwa ndi timing'alu tonga tsitsi, analisiya losalemba. Anazungulira ndi laimu malo anayi pomwe malole amaima usiku, pomwe phula linali lofewa ndi lonyezimira. Kenako anatsata mng'alu umodzi wautali, wolowa chala, wochokera kumpanda kukafika pakati pabwalo.

"Amayi," anatero, "apa posalembapa mankhwala anga agwira. Apa pozungulirapa ndi dizilo ndi oyilo wodontha, wasungunula phula, pafunika kukumba n'kuika chigamba. Koma mng'alu uwu si wa dzuwa. Uwu wachokera pansi. Pansi panu pali makande. Ndiutseka, koma udzatsegukanso, musadzati ndinakunamizani."

Aliyense wa kuno amadziwa makande, dothi lakuda lija limamata kumapazi dzinja n'kung'aluka mpaka kulowetsa mkono chilimwe. Sindinaganizepo kuti limachitanso zomwezo pansi pa phula.

Atafika pakona ya kugeti, pomwe timiyala tinali titayoyoka mpaka kuoneka gelevulo, anaima n'kufunsa ngati pamenepo panathiridwa tsiku limodzi ndi kwinako. Ndinakumbuka. Mu 2015 thanki yopopera inatha phula ntchito isanathe, ndipo konayo anaimaliza pamanja mawa lake, atawiritsa madiramu pamoto wa nkhuni. Utsi wake unali wabuluu, unadzaza mpaka m'zipinda za alendo. Bamboyo anangogwedeza mutu. Anati phula likatulutsa utsi wabuluu ndiye kuti lapsa, mafuta ake athawira m'mwamba, ndipo limafika pansi litakalamba kale ndi zaka zingapo. Zinandikhudza, chifukwa tsiku limenelo amuna anga anakondwa kuti anyamata aja ndi akhama, sanatisiyire ntchito yosatha.

Tinapangana za mu Juni 2024, nthawi yozizira. Anakana Okutobala, amene ine ndinkaganiza kuti ndiye wabwino poti phula liuma msanga. Anati pabwalo lotentha kwambiri madzi amathawa phula lisanatsikire m'ming'alu, limangomata pamwamba n'kumanyamuka ndi matayala. Mtengo wa zonse, madiramu awiri a malita 200, matumba a phula la zigamba, mchenga, mayendedwe ndi anyamata, unakwana ngati ng'ombe imodzi yabwino pamsika wa pano. Kuthira bwalo lonse mwatsopano anandiuza ena kuti ndikonzekere khola.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndipo sindizibisa.

Anachedwa masiku asanu ndi anayi, ndipo tsiku lililonse pafoni ankati tikunyamuka mawa. Ine ndinali nditauza kale makasitomala kuti bwalo litsekedwa, ena anakagona ku Nchalo, ndalama imeneyo sinabwererenso. Atafika, diramu imodzi mwa ziwirizo inali yokhalitsa. Mankhwala amene amapoperawa amawatcha emulsion. Ndi phula lomwelo koma logayidwa timadontho tosaoneka ndi maso, tosakanizidwa ndi madzi ndi mankhwala onga sopo oti tisagwirane. Pa diramu panalembedwa 60, kutanthauza kuti magawo 60 pa 100 ndi phula. Likakhala miyezi padzuwa osaligubuduza, timadonthoto timakhazikika pansi n'kuyamba kuundana. Diramu yoyamba atatsegula inali bwino, yofiirira ngati tiyi wamkaka wothira masamba ambiri. Yachiwiri pamwamba panali madzi, pansi zibuma. Anaigubuduza bwalo lonse, n'kusefa ndi waya wa udzudzu wa pawindo langa, komabe pampu inkatsekeka mphindi zilizonse. Zotsala pa sefa zinadzaza beseni. Phula limenelo ndinalipira ine, ndipo kusowa kwake kunaoneka kumapeto, pomwe mzere wa kumpanda wa kummwera unangolandira kachifunga. Foromani anavomera kuti diramuyo inatsala pa ntchito ina. Anandichotsera pang'ono pamtengo, koma nditachita kuumirira. Mukadzawaitana, madiramu atsegulidwe inu muli pompo, ndipo mulowetse ndodo mpaka pansi.

Sanaphimbe khoma. Mphepo ya mwera inali ikuomba, ndipo khoma langa loyera la kuzipinda zakutsogolo lili ndi timadontho takuda mpaka lero, kufika m'chiuno. Anyamata awiri analibe magambuti kapena magolovesi, ndipo madzulo ankasamba m'manja ndi dizilo. Ndinawapatsa mafuta ophikira ndi sopo. Ndi ana a eni, khungu lawo silabwereka, ndipo kampani yoti ikulandira ndalama zotere siyenera kulephera kugula magambuti.

Anandiuzanso kuti pakatha maola anayi magalimoto alowa. Sizinatheke. Anamaliza kupopera cha m'ma 3 koloko, kunja kuli mitambo ya chiperoni, ndipo pofika mdima pena panali pakadali pofiirira. Malole asanu ndi limodzi anagona m'mbali mwa msewu, ndinalemba mlonda wachiwiri usiku umenewo.

Koma kagwiridwe ka ntchito yeniyeniyo kanandigwira mtima. Tsiku loyamba lonse sanatsegule diramu. Anangosesa, ndi matsache olimba a waya, kawiri, kenako kuuzira fumbi m'ming'alu. Ndinayamba kuda nkhawa kuti ndikulipira anthu osesa, koma bamboyo anati phula likagwera pafumbi limamata fumbilo, osati mwala. Tsiku lachiwiri anadula malo a dizilo aja makona anayi, kukumba mpaka polimba, kupaka phula m'mbali ndi pansi, n'kuthira la m'matumba pang'onopang'ono akugandira. Mng'alu wa makande anauthira emulsion yosasungunula ndi kheni yopanda chisefa kukamwa, n'kumwaza mchenga.

Chimene sindidzaiwala ndi cha madzi. Popopera amasungunula emulsion ndi madzi, muyezo wofanana. Anyamata anali atatunga kale pamjigo wathu wa kuseri. Foromani anawaletsa. Anatenga zitini ziwiri za mkaka, n'kuthira emulsion pang'ono m'chilichonse. M'china anawonjezera madzi a pamjigo, m'china a pampopi, akutakasa ndi kamtengo. Cha pampopi chinangosungunuka bwinobwino. Cha pamjigo, pasanathe mphindi zisanu, chinayamba timibulu ngati chambiko, madzi n'kupatukana ndi phula. Mjigo wathu ndi wamchere, monga ilili mijigo yambiri kuchigwa kuno, mwakuti sitimwa, timangochapira ndi kukolopera. Akanathira madzi amenewo m'diramu, ng'ombe yanga ikanathera pomwepo. Anandiuzanso kuti madzi ndi amene amathiridwa mu emulsion, osati emulsion m'madzi. Pa zinthu zonse zimene ndinalipira, chitini chimenecho ndiye chinali cha mtengo wapatali.

Kupoperako sikunatenge nthawi. Mnyamata mmodzi akupopa, wina akuyenda chobwerera m'mbuyo ndi mpope, kuwerengera pafupifupi lita imodzi pa sikweya mita. Likamagwa limakhala lofiirira, ndipo ukaima n'kuliyang'ana umaliona likutsetserekera pakati pa timiyala, kenako pang'onopang'ono likuda kuyambira m'mbali. Kudako ndiye kuti madzi achoka, phula latsala. Pomwe panachita tizithaphwi anakokapo ndi tsache, n'kuwaza kamchenga kuti pasaterere.

Lero, miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri chichitikireni, zili motere. Gawo lalikulu lija lagwira. Wosesa satolanso ndowa, timiyala ta tsiku lonse sitidzaza dzanja, ndipo tambiri timabwera ndi matayala kuchokera kunja. Kuda kuja kunatha pofika Disembala, tsopano ndi kotuwirako, koma ukakanda pakati pa miyala phula likadali lamoyo. Timing'alu ta tsitsi sitinabwerere. Mvula ya chaka chino madzi ankayenderera pamwamba kupita kungalande, pomwe kale bwalo linkamwa madzi n'kukhala ndi mawanga onyowa masiku awiri. Mzere wa kummwera, uja unaperewera, watuwa kale ngati poyamba ndipo wayambanso kuyoyoka. Kusiyana kwake ndi koyandikana nako kumaoneka ngakhale uli pakhonde.

Mng'alu wa makande unatseguka mu Seputembala chaka chomwecho, pamalo pomwepo, monga ananenera. Zigamba zitatu zili bwino. Chachinayi, pomwe malole amakhotera kuloza kugeti, chinakankhika mu Okutobala woyamba n'kuchita mzere ngati wa mbatata. Dalaivala akapotoza chiwongolero lole itaima, masana phula litafewa, tayala limachita kupera. Kona yopsa ija ya kugeti yasintha pang'ono chabe, chifukwa panalibe miyala yoti phula latsopano ligwire.

Mwana wa achimwene uja atabweranso anandikumbutsa kuti fog spray sibwezera phula lakale unyamata. Imangoliveka chofunda kuti mpweya, dzuwa ndi madzi zisalifikire msanga, ndi kumata timiyala timene tinali titayamba kugwedera. Chofundacho nachonso chimakalamba, ndipo kuno sichingapitirire zaka ziwiri kapena zitatu. Anandionetsa chinthu china chimene tsopano ndimachiona ndikakwera minibasi kupita ku Nchalo. M'mphepete mwa msewu, momwe matayala sapondamo kawirikawiri, phula limatuwa ndi kung'aluka msanga kuposa m'mizere ya matayala. Matayala amalikanya ngati ufa wa mandasi, kutseka timabowo tolowera mpweya. Ndi chifukwa chake bwalo la tchalitchi kapena la sukulu, lopanda magalimoto ambiri, likhoza kuuma msanga ngakhale lisakuoneka kuti likugwira ntchito.

Foromani uja anabwera mu Febuluwale, mvula ili m'kati, akuchokera ku ntchito ina ku Bangula. Sindinamuitane ndipo sanalipiritse. Anayenda bwalo lonse ndi msomali wake uja, n'kuima pachigamba chokankhikacho nthawi yaitali. Anati, "Amayi, apa ndinalakwa kukulolani chigamba cha phula. Pokhotera lole ndi pogona dizilo pamafunika konkire." Munthu wobwerera kudzaona pomwe ntchito yake yalephera, ine ndimamuitananso.

Ndiye kwa amene mwakhala mukufunsa, yankho langa ndi lakuti aitaneni, ngati bwalo lanu langotuwa, timiyala tayamba kuyoyoka koma pansi pakadali polimba. Pitani mukayerekeze pamthunzi ndi padzuwa monga ndinachitira ine. Ngati ming'alu yalukana kale ngati khungu la ng'ona ndipo pansi pakunyema mukaponda, musataye ndalama, pamenepo mpofunika kukumba. Panganani Juni kapena Julaye, lembani tsiku papepala, auzeni aphimbe makoma, ndipo konzekerani kutseka bwalo usiku wathunthu kaya anene zotani. Madzi ayesedwe m'chitini inu mukuona. Ndikanadziwa, ndikanachita zimenezi cha mu 2020, bwalo litangoyamba kutuwa, ndipo ndikukhulupirira kuti Ana ndi Freddy sakanalipeza lotseguka chonchija.

Ndagwirizana nawo kuti adzabwerenso mu Juni akubwerayu kudzabwereza mzere wa kummwera ndi diramu yatsopano. Pokhotera ndi pogona malole ndikuika konkire. Miyala yake ndayamba kale kuunjika kuseri kwa khitchini, ndikudikira mvula idutse kuti mchenga wa mumtsinje uyambe kupezeka.